Mkazi, nkhondo ndi mpando: yankho kwa Mayi NaBanda a ku Rosettenville

Funso: "Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo ndili m'bungwe la Amalawi lothandizana pa maliro. Timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya, thupi lake lipite kumudzi. Ambiri m'bungwemu ndife amayi, ndipo ndife timatolera ndalama, kuphika pasiwa ndi kuzonda odwala. Wapampando wathu akubwerera kumudzi, ndiye anzanga anatchula dzina langa. Bambo wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, kuti kuyambira kale nkhondo ndi ufumu n'za amuna, ndipo izi zoti amayi azitsogolera taziphunzira kwa azungu. Ndinasowa choyankha. Kodi mbiri imaterodi?" NaBanda, Rosettenville.

Mayi NaBanda, zikomo chifukwa cha funso lanu. Pa zimene ananena bambo aja chilipo choona, ndipo ndiyambe n'chimenecho kuti musakagwidwe mawu pagulu: m'mitundu yambiri, kwathu ndi kunja komwe, onyamula mkondo ndi chishango ambiri anali amuna. Koma zoti ufumu ndi wa amuna okha, ndi zoti utsogoleri wa amayi unabwera ndi azungu, imeneyo ndi mbiri yoimikidwa chadodolido. Kwa ife a ku Malawi, nthawi ya atsamunda ndi imene inachepetsa mipando ya amayi, siinaibweretse ayi. Ndipo pa ntchito yanga yophunzitsa mbiri ndaona kuti funso loti kodi amayi anamenyako nkhondo ndi losavuta kuyankha. Lovuta ndi lakuti, nkhondo itatha, anakhala pampando ndani.

Tiyambe kwathu. Ufumu wa Maravi, umene unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, likulu lake lili cha ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, unali ndi Kalonga, mwamuna wa mfunda wa Phiri. Koma ufumuwo unkadutsa mwa Nyangu, amene ankakhala mayi kapena mlongo wake wa Kalonga. Unyangu unali udindo, wina akamwalira wina ankalowa. Mwana wa Kalonga sankalowa ufumu wa bambo ake. Ankalowa wobadwa kubele la Nyangu. Mpaka lero mukapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, mukapeza kuti pambali pa Gawa Undi pali Nyangu, ndipo palibe Mchewa amene amati mpando umenewo unachokera ku Ulaya.

Panalinso Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, amene ankachokera kwa a Banda, mfunda wanu womwewo. Uku sikunali kukwatirana wamba. Mbiri ya makolo imati a Phiri atafika anapeza a Banda ali kale m'dziko, ndipo za nthaka ndi mvula zinali m'manja mwa amayi a pakachisi. Kalonga akanatha kukhala ndi ankhondo ambirimbiri, koma popanda Mwali analibe chilolezo cha eni nthaka. Ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, kunali Makewana. Mayi ameneyu analibe mwamuna wom'lamulira. Anali ndi dera lake, akuluakulu ake, ndi atsikana om'tumikira otchedwa matsano. Chilala chikagwa, mafumu akutali ankatumiza nsembe kwa iye, ndipo anthu ankakhulupirira kuti akameta tsitsi mvula isiya. Kumunsi kwa Shire, pakachisi wa M'bona ku Khulubvi, kunali Salima. Wina anganene kuti izi n'zachipembedzo chabe, si ndale. Ine ndimakana. M'dziko limene moyo wonse umadalira mvula ya miyezi inayi kapena isanu, munthu amene anthu amakhulupirira kuti ndiye amalankhula ndi Chauta za mvula ali ndi mphamvu imene mfumu iliyonse imaiopa.

Tsikani pa ufumu waukulu mufike pamudzi wamba wa Achewa, Amang'anja, Ayao kapena Alomwe. Mwana ndi wa kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi. Mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, ndipo banja likatha amabwerera kwawo. Mfumu ikamwalira, amene amakhala pansi kuunika kuti ndani mwa ana a alongo ake ali ndi mtima wosunga anthu ndi ntchembere za banja lachifumu, chifukwa ndizo zinawalera, ndipo zimadziwa wamwano, wadyera ndi waulesi. Amuna amalengeza dzina pabwalo, koma dzinalo limakhala litagwirizanidwa kale kuseri. Mfumu yatsopano isanaonekere pagulu imayamba yalangizidwa, ndipo mwa alangiziwo muli anamkungwi. Bambo aja ngati ali Mchewa, afunseni kuti mfumu ya kwawo anaisankha ndani.

Sindikunena kuti kale amayi ankakhala pabwino pokhapokha. Mwinimbumba anali mwamuna, malume, ndipo m'nthawi ya ukapolo amalume ena ankapereka ana a alongo awo polipira mlandu. Atsikana ankakwatiwa ali aang'ono. Kumpoto kwa Angoni ndi Atumbuka, ndi kwa Asena, mwana ndi wa kuchimuna. Mphamvu ya amayi inali ndi malire ake, koma inali yeniyeni, yodziwika kwa aliyense, ndipo inali ndi mayina.

Chinaisokoneza n'chiyani? Pulofesa Kings Phiri, amene anafufuza za kusintha kwa banja la Achewa, anaonetsa kuti zinayamba azungu asanakhazikike n'komwe. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera malonda a akapolo ndi nkhondo za Angoni. Anthu anathawira m'malinga ndi m'mapiri, ndipo mwamuna wokhala ndi mfuti anayamba kumveka kuposa mwini mvula. Kachisi wa ku Msinja anaphwasulidwa m'nthawi yomweyo. Amuna amphamvu anayamba kutenga akazi ogwidwa kunkhondo, opanda nkhoswe, kuti ana akhale awoawo. Kenako boma la Britain, kuyambira 1891, linafuna munthu mmodzi pamudzi woti azitolera msonkho ndi kuyankha kwa bwanamkubwa ndi ma DC ake. Malamulo a 1912 ndi 1933 okhudza mafumu anapereka mphamvu zolembedwa kwa mfumu yodziwika kuboma, pafupifupi nthawi zonse mwamuna. Makewana, anamkungwi ndi ntchembere sanapatsidwe malo m'dongosolo limenelo, ndipo udindo wosalembedwa unayamba kuoneka ngati zakumudzi chabe. Sukulu za mishoni zinatsogoza anyamata. Pamwamba pa izo panabwera ulendo umene inu ndi ine tikuudziwa bwino, wa ku Joni ndi ku Halale. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, inkalemba amuna okha, choncho ndalama inalowa m'mudzi kudzera m'thumba la mwamuna. Zambiri zimene lero timazitcha mwambo wa makolo n'zimene zinatsala zonsezi zitadutsa.

Tsopano za nkhondo. Akazi ogwira zida ndi olamula asilikali analipo, si nthano. Njinga wa ku Ndongo ndi Matamba, kumene tsopano ndi Angola, anapita ku Luanda mu 1622 kukakambirana ndi Apwitikizi m'malo mwa mlongo wake amene anali mfumu. Zimanenedwa kuti bwanamkubwa sanam'konzere mpando, ankafuna kuti akhale pansi, ndiye Njinga anakhala pamsana pa wantchito wake kuti alankhulane maso ndi maso. Analowa ufumu mu 1624 ndipo analimbana ndi Apwitikizi zaka zoposa 30, akutsogolera yekha asilikali, nthawi ina mogwirizana ndi Adatchi amene analanda Luanda mu 1641. Anamwalira mu 1663 ali ndi zaka pafupifupi 80, dziko lake lisanagonje, ndipo pa zaka 100 zotsatira Matamba inalamulidwa ndi akazi kwa nthawi yaitali kuposa amuna. Ku Dahomey, kumene tsopano ndi Benin, kunali gulu lankhondo la akazi okhaokha lotchedwa Agojie. M'nthawi ya mfumu Gezo, kuyambira 1818 mpaka 1858, analipo masauzande angapo, ndipo mu 1892 anamenyana ndi asilikali a France mpaka ambiri kuthera pomwepo.

Koma musakawatchule ngati oyera mtima. Njinga ankagwira anthu ndi kuwagulitsa. Agojie ankathira nkhondo midzi yoyandikana nayo kuti apeze akapolo, ndipo iwo eni ankawerengedwa ngati akazi a mfumu, osaloledwa kukwatiwa kapena kubereka. Ena analowa m'gululo mokakamizidwa. Zimene mbiri yawo imatsimikiza n'zakuti mkazi akaphunzitsidwa nkhondo amaimenya, ndipo akakhala ndi mphamvu amatha kuchita nazo zabwino ndi zoipa monga mwamuna.

Komanso tikamangothamangira kwa akazi onyamula mfuti timakhala tavomera kale maganizo a bambo aja, akuti nkhondo ndi kubaya basi. Taonani za Taytu Betul, mkazi wa mfumu Menelik ya Ethiopia. Italy itanena kuti pangano la Wuchale la 1889 laika Ethiopia pansi pake, Taytu anali mmodzi mwa okana mouma khosi. Mu Januwale 1896 asilikali a Italy anadzitsekera mulinga ku Mekelle, ndipo Aitiyopiya ambiri anafa poyesa kukwera lingalo. Nzeru yolanda kasupe amene adaniwo ankatungako madzi imatchulidwa kuti inali ya Taytu, ndipo ludzu linachita zimene zipolopolo zinalephera. Pa 1 Malichi 1896, pankhondo ya ku Adwa imene Ethiopia inagonjetsa Italy, anali pomwepo ndi asilikali akeake, ndipo kumbuyo kwawo kunali akazi ambirimbiri otunga madzi, ophika ndi osamalira ovulala. Gulu lankhondo losadya silitha sabata. Ku Ghana, Yaa Asantewaa, mayi wa ufumu wa Ejisu, ndiye anadzutsa Aasante mu 1900 pamene bwanamkubwa Frederick Hodgson anafuna mpando wagolide wa mtunduwo. Anam'pitikitsira ku Seychelles, kumene anamwalira mu 1921. Ku Zimbabwe, Nehanda Charwe, mayi wa mizimu, anapachikidwa ku Salisbury mu 1898 chifukwa cha Chimurenga choyamba, nkhondo youkira atsamunda. Atsamunda sakanavutika kupachika munthu amene analibe mphamvu.

Ngati bambo aja ali Mngoni, nkhani yawo ndi yovutirapo, chifukwa kumene makolo awo anachokera ndi konkuno kumwera. Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anali pansi pa Zwide wa Andwandwe, ndipo mayi ake a Zwide, Ntombazi, ankaopedwa dziko lonse. Kwa Azulu, Mkabayi, mwana wa Jama ndi zakhali ake a Shaka, anagwirizira ufumu mlongo wake Senzangakhona ali wamng'ono, anayang'anira mudzi wa ankhondo wa abaQulusi, ndipo dzanja lake linalipo pamene Shaka anaphedwa mu 1828 n'kulowa Dingane. Cha ku Harrismith, pamsewu wopita ku Durban, kunali Manthatisi wa Abatlokwa. Mwamuna wake atamwalira anasunga ufumu wa mwana wake Sekonyela, ndipo m'nkhondo za m'ma 1820 anayenda ndi mtundu wonse, akumenya ndi kumenyedwa, osaumwaza. Mbiri yapakamwa imati tsiku lina ankhondo ake ali kutali, adani atayandikira, anandandalika amayi ndi ana pamwamba pa phiri atanyamula makasu ndi mphasa, adaniwo n'kubwerera poyesa kuti ndi gulu lankhondo. Ku Swaziland, kumene tsopano ndi Eswatini, Labotsibeni anagwira dziko kuyambira 1899 mpaka 1921, akukangana ndi Abuno ndi Angerezi za malo, mpaka mdzukulu wake Sobhuza atakula.

Mwaona njira imene ambiri mwa amayiwa anafikira pampando. Mwamuna wamwalira, mwana ndi wamng'ono, dziko lili pamoto, ndiye anthu amati mayi agwirizire. Amagwira, nthawi zambiri bwino kuposa amene analipo, ndipo zinthu zikakhazikika mpando umabwerera kwa mwamuna. Zimenezi sizinathere m'nthawi ya mikondo.

Inu mumayenda pakati pa umboni wake tsiku ndi tsiku. Mukatsika takisi ku Bree muli mumsewu wa Lilian Ngoyi. Jeppe Street tsopano ndi Rahima Moosa, President Street ndi Helen Joseph, Noord ndi Sophie de Bruyn. Amayi anayi amenewa ndi amene pa 9 Ogasiti 1956 anatsogolera amayi pafupifupi 20,000 kupita ku Union Buildings ku Pretoria kukakana mapasi, ziphaso zimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo. Tsikulo linali Lachinayi, tsiku limene ogwira ntchito m'nyumba za azungu ankapuma, ndipo ambiri anabwera ndi ana kumbuyo. Popeza kuguba kunaletsedwa, anafika awiriawiri ndi atatuatatu. Nduna yaikulu J.G. Strijdom sanaonekere. Anasiya mitolo ya zikalata zosainidwa pakhomo pa ofesi yake, n'kuima chete kwa mphindi 30. Ngoyi anali wosoka pafakitale ya zovala, wokhala ku Orlando. Sophia Williams, yemwe ndi Sophie de Bruyn uja, anali ndi zaka 18 zokha. Chipatala chimene lero timachitcha Helen Joseph kale chinkatchedwa ndi dzina la Strijdom yemweyo.

Zimene anthu sakonda kukamba pa 9 Ogasiti n'zakuti amayiwa ankalimbana ndi boma kwinaku akulimbana ndi amuna a m'chipani chawo. ANC inakhazikitsidwa mu 1912, amayi a ku Bloemfontein anakana mapasi mu 1913, Charlotte Maxeke anayambitsa Bantu Women's League mu 1918, koma chipanicho chinalola amayi kukhala mamembala athunthu mu 1943. Ngoyi ndiye anali mkazi woyamba kulowa m'komiti yake yaikulu, patapita zaka zoposa 40 chipani chiyambire. Mu Okutobala 1958 amayi pafupifupi 2,000 anamangidwa kuno ku Johannesburg pokana mapasi, ambiri n'kutsekeredwa kundende ya paphiri paja pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow. Ngoyi ankafuna kuti akhale momwemo osalipira belo kuti ndende zidzaze. Atsogoleri aamuna anakankhira kuti belo ilipidwe. Mapasi anakakamizidwabe pa amayi pofika 1963 ndipo anathetsedwa mu 1986. Ngoyi anamwalira mu 1980 ali wosauka, atakhala zaka zambiri woletsedwa kutuluka m'dera lake. Helen Joseph atamwalira mu 1992 anaikidwa m'manda amodzi ndi iye ku Avalon, ku Soweto. Mukapeza mpata Loweruka lina, tengani amayi a m'bungwe lanu mukaone ndende ya amayi ija ku Constitution Hill. Ndi pafupi ndi Park Station.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya kwathu. Mukatenga K200 mumaona nkhope ya a Rose Chibambo, koma ndi angati amadziwa chimene anachita? Anabadwira ku Mzimba mu 1928. M'zaka za m'ma 1950, pamene Nyasaland inkakankhidwira m'chitaganya cha Rhodesia, iwo anayamba kusonkhanitsa amayi ku Zomba, kenako ku Blantyre, mpaka kukhazikitsa gulu la amayi la Nyasaland African Congress, n'kulowanso m'komiti yaikulu ya chipanicho. Boma litalengeza za chipwirikiti pa 3 Malichi 1959 iwo anali oyembekezera. Atangobereka anawamanga, n'kupita nawo kundende ya Zomba ndi khanda lomwe, limene analitcha Gadi. Anatuluka mu 1960. Ufulu utayandikira analowa m'nyumba ya malamulo, mayi woyamba kutero, n'kupatsidwa udindo wa wachiwiri kwa nduna. Ufulu unabwera pa 6 Julaye 1964. Mu Seputembala chaka chomwecho Kamuzu anawachotsa pamodzi ndi a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi. Anathawira ku Zambia ndipo anabwerera mu 1994. Zaka 30 kunja kwa dziko limene analimenyera ali ndi khanda m'manja.

A Vera Chirwa, amene anali nawo pokhazikitsa Malawi Congress Party mu 1959 ndipo pambuyo pake anakhala loya woyamba wamkazi wa ku Malawi, anagwidwa pamodzi ndi amuna awo a Orton pa 24 Disembala 1981, naweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'khothi la mafumu. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayiwo anatuluka mu Januwale 1993.

Tsono taonani chimene chinalowa m'malo mwawo. Kamuzu anatenga mawu a mwambo wathu womwewo, nadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, amayi onse a m'dziko n'kukhala mbumba yake. Amayi anavala nsalu ya nkhope yake, anavina m'mabwalo a misonkhano dzuwa likuswa mtengo, anagulitsa makadi a chipani. Ena anamangiridwa nyumba, ndipo ambiri ankam'kondadi, sindingakane. Koma m'mwambo weniweni mbumba imasankha nkhoswe yake ndipo imatha kuidzudzula. Mbumba ya Kamuzu inatsala ndi nyimbo. Mu 1973 boma linafika pokhazikitsa lamulo la zimene mkazi avale. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti chipani chilichonse chimene chalamula chiyambire 1994 chasunga dongosolo lomwelo: amayi kutsogolo povina, kumbuyo pogawa maudindo. Bungwe lanu, mmene mwalifotokozera, latengera pomwepo.

M'nkhondo za ufulu za oyandikana nawo zinayendanso chimodzimodzi. Frelimo inakhazikitsa gulu lankhondo la amayi mu 1967, ndipo ambiri mwa iwo ntchito yawo yaikulu inali kusenza zida pamutu kuchokera kumalire a Tanzania kulowa nazo ku Niassa ndi Cabo Delgado. Josina Machel anamwalira pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25, ndipo tsikulo ndilo la amayi ku Mozambique. Ku Zimbabwe atsikana akumidzi otchedwa chimbwido ankaphikira ankhondo ndi kuwanyamulira mauthenga, ndipo ambiri anagwiriridwa ndi mbali zonse ziwiri. Nkhondo itatha sanawerengedwe m'gulu la olandira malipiro kwa zaka zambiri. Kuno, Phila Ndwandwe wa Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC, anabedwa ku Swaziland mu 1988 ali ndi mwana woyamwa, anakana kukhala kazitape wa apolisi, ndipo anaphedwa; mafupa ake anafukulidwa mu 1997. Thandi Modise anakhala m'ndende zaka 8 ndipo anafika pokhala nduna ya chitetezo mu 2021, koma otere ndi ochepa. Ngakhale pa TRC, komishoni yofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho, amayi ambiri ankabwera kudzakamba za amuna ndi ana awo, zawo osazitchula, mpaka panakonzedwa magawo apadera a amayi.

Mwambi wa ng'ombe yaikazi si wachilendo. Unamveka kwambiri pa kampeni ya 2014, ukunenedwa kwa a Joyce Banda. Mayiwa analowa upulezidenti pa 7 Epulo 2012, a Bingu wa Mutharika atamwalira, nthawi imene m'dziko munalibe mafuta ndi ndalama zakunja. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, ndipo pa chisankho cha 2014 anakhala achitatu. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti analamula bwino kapena moipa, ndipo ine ndili ndi zanga zowadzudzula. Chosayenera n'chimene chinatsatira: anthu anayamba kunena kuti tayesa mkazi zakanika, ndipo aphungu aakazi anatsika kuchoka pa oposa 40 kufika pa 32 mwa 193. Atsogoleri aamuna alakwitsa zambiri chiyambire 1964, koma sindinamvepo wina akunena kuti tayesa amuna zakanika. Ngakhale zili choncho, a Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhothi mu 2013, a Catherine Gotani Hara sipikala mu 2019, a Jane Ansah wachiwiri kwa pulezidenti mu 2025, ndipo ku Dedza malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri pogwiritsa ntchito mphamvu ya ufumu wa makolo, osati ya mabungwe akunja.

Amayi a kuno ku South Africa anaphunzirapo kanthu pa mbiri yonseyi, ndipo ndi chimene ndikufuna mutengepo. Zokambirana zothetsa tsankho zitayamba mu 1991 ku Kempton Park, patebulo panali pafupifupi amuna okhaokha. Amayi a zipani zosiyanasiyana anapanga mgwirizano mu 1992, ndipo mu 1993 anakakamiza kuti gulu lililonse lobwera kuzokambirana likhale ndi mkazi pakati pa nthumwi zake. Mafumu ena anafuna kuti malamulo a mwambo asakhudzidwe ndi ndime ya kufanana kwa amuna ndi akazi, koma analephera. ANC inalemba kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mayina a aphungu likhale la amayi, ndipo mu 2007 inakweza kufika theka. N'chifukwa chake nyumba ya malamulo ya kuno ili ndi amayi ambiri kuposa yathu. Amuna a kuno sanabadwe ndi mtima wina. Amayi anakana kudalira mtima wa munthu, anafuna zolembedwa. Mu 2008 khothi lalikulu la ku Constitution Hill linaweruza mlandu wa ufumu wa Avaloyi ku Limpopo. Mfumu yawo inamwalira mu 1968 yopanda mwana wamwamuna, ufumu n'kupita kwa mng'ono wake. Patapita zaka banja lachifumu linagwirizana kuubwezera kwa mwana wamkazi, Mayi Shilubana. Khothi linati eni mwambo ali ndi mphamvu yousintha mwambo wawo.

Ndiye inu mayi, pamsonkhano ukubwerawo musakakangane ndi bambo aja za ng'ombe, ndipo musakawanyoze. Ndi aakulu, ndipo mawa mudzanyamula nawo maliro amodzi. Akumbutseni mwaulemu za Nyangu, za Makewana ndi za a Chibambo, kenako pemphani kuti malamulo a bungwe awerengedwe pagulu. Ngati mulibe ndime yoletsa mkazi, pemphani voti yachinsinsi, chifukwa amayi ena amaopa kukweza dzanja amuna awo akuona. Akakuuzani kuti mungogwirizira mpaka apezeke bambo woyenera, kanani. Akakuuzani kuti mukhale msungichuma poti amayi saba, dziwani kuti akukupatsani ntchito yolemera n'kukumanani mawu omaliza. Mukapambana, lembani m'malamulo kuti mpando ndi wa zaka zingati, kuti wapampando ndi wachiwiri wake asakhale onse amuna kapena onse akazi, kuti ndalama zikhale kubanki ndi osainira atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa pamsonkhano uliwonse, ndi malisiti a galimoto yonyamula maliro ndi a kumochale ali patebulo. Adzakuyang'anitsitsani kuposa mmene ankayang'anira amene akupita kumudziyo, choncho buku lanu likhale lotsegula kuyambira mwezi woyamba.